Chidole cholira pa kanema wa ana ku Japan chimaphunzitsa chiyani?

Pa ntchito yanga yophunzitsa alezi a sukulu za mkombaphala, pali tsiku limodzi limene ambiri amalilandira ndi manyazi. Ndi tsiku limene ndimawapempha kuti avale sokosi kudzanja, asokerepo mabatani awiri akhale maso, kenako ayankhule ndi ana kudzera m'kanthu kameneko. Nthawi zonse pamapezeka mayi mmodzi wolimba mtima amene amafunsa zimene anzake akuganiza: "Aphunzitsi, kodi zimenezi si zachibwana?" Funsoli ndimalilemekeza, ndipo poyankha ndimawatengera ku Japan, dziko limene lakhala likuika zidole pa kanema wa ana kwa zaka zoposa 60, ndipo silinaonepo ntchito imeneyi ngati chibwana.

Wailesi ya kanema ya dzikolo, NHK, inatsegula tchanelo cha maphunziro mu Januwale 1959. Mu Okutobala chaka chomwecho inayambitsa pulogalamu ya ana aang'ono yotchedwa Okaasan to Issho, kutanthauza "pamodzi ndi amayi", ndipo mpaka lero ikuulutsidwabe. Agogo amene anaionera ali tiana akuionera tsopano ndi zidzukulu zawo. Chaka chotsatira, mu 1960, munalowa gawo la zidole lotchedwa Boo Foo Woo, la tiana ta nkhumba titatu. Chiyambi cha gawoli chimandisangalatsa kwambiri. Mtsikana wotsogolera pulogalamu ankatsegula chikwama n'kutulutsamo tizidole ting'onoting'ono, n'kutiika pa kabwalo kamasewero, n'kupukusa kachitsulo. Kenako tizidoleto tinkakhala tamoyo, tikuyenda ndi kuyankhula, pamene zenizeni zake anali anthu amene alowa m'zovala zazikulu za nkhumba. Mwana woonera ankaona ndi maso ake kuti kanthu kogona m'chikwama kangathe kudzuka.

Tayang'anani khalidwe la nkhumbazo. Wamkulu, Boo, anali wong'ung'udza. Wapakati, Foo, anali wotopa msanga. Wamng'ono, Woo, ndiye anali wakhama. Patapita zaka, kuyambira 1982 mpaka 1992, ana a ku Japan anakula ndi gulu lina la atatu m'gawo lotchedwa Niko Niko Pun: Jajamaru, vumbwe waphokoso ndi wamakani; Pikkoro, mbalame ya kumadzi ozizira, mtsikana wolongolola ndi wosagonja; ndi Porori, khoswe wamantha wosachedwa kulira. Palibe ngakhale mmodzi mwa amenewa amene mphunzitsi angamuimike kutsogolo n'kunena kuti "Ana inu, tengerani chitsanzo apa." Amalandana zinthu, amanyanyala, amakana kupepesa, kenako amapepesa mochedwa ndi nkhope yogwa.

Apa ndiye pagona nkhani. Chidole cha pa kanema wa ana ku Japan nthawi zambiri si mphunzitsi. Ndi mwana mnzake wa woonera, ndipo ntchito yake ndi kulakwitsa poyera. Mwana wa zaka zitatu sangathe kuima patali n'kudziona yekha akulanda mpira wa mnzake. Mukamudzudzula, chimene amamva ndi mkwiyo wanu, osati vuto lake. Koma akaona Jajamaru akuchita zomwezo, n'kuona Porori akulira, amatha kuona zonse ali pamalo otetezeka, popanda womuloza chala. Ndaziona kambirimbiri m'kalasi: mwana amene dzulo lomweli anamenya mnzake ndi amene amayamba kukalipira chidole kuti "Wamupweteka! Mupepese!" Mawu amene sakanawalandira kuchokera kwa munthu wamkulu akuwatulutsa yekha m'kamwa mwake.

Nawonso akuluakulu a m'pulogalamuyi sawatchula kuti aphunzitsi. Amene amaimba ndi ana amatchedwa oniisan ndi oneesan, ngati mmene ife tinganenere kuti achimwene ndi achemwali. Palinso achimwene otsogolera masewero olimbitsa thupi, ndipo tiana tenitenti timabwera m'chipinda chojambulira kudzavina nawo, tina tikuyang'ana kumbali, tina titangoima chilili, ndipo palibe amene amatikakamiza.

Nanga zimene zimaphunzitsidwa n'zotani? Pulogalamu ya ku America ya Sesame Street, imene inayamba mu 1969, inadziwika ndi kuphunzitsa zilembo ndi manambala kwa ana amene akukonzekera kulowa sukulu, ndipo NHK yomweyi inaionetsa kwa zaka zambiri kuyambira 1971, makamaka ngati chida chophunzirira Chingerezi. Koma m'mapulogalamu awoawo a ana aang'ono, a ku Japan anaika mtima kwambiri pa moyo wa tsiku ndi tsiku. Mu Okaasan to Issho munakhala kwa zaka zambiri kagawo kongoonetsa mwana mmodzi akuvutika kuvala yekha zovala zogonera, ndi kena ka mwana akutsuka mano, mayi kapena bambo ake n'kudzamalizitsa. Zidole zimanena itadakimasu zisanayambe kudya, mawu oyamikira chakudya ndi onse amene achititsa kuti chifike pa mbale, ndipo zikamaliza zimanena gochisosama. Wofika pakhomo amati tadaima, wa pakhomo n'kuyankha okaeri. Palibe amene amaima n'kulengeza kuti lero tiphunzira ulemu. Mwana amangomva mawuwo tsiku ndi tsiku m'kamwa mwa mnzake amene amamukonda, mpaka amakhala akeake. Ana akayamba sukulu ya pulayimale, njira yomweyi imawatsatira: kuyambira 1996 pali pulogalamu ya zidole yonena za Ganko-chan, kamtsikana ka mtundu wa zinyama zikuluzikulu zamakedzana, kamphamvu koma kopupuluma, imene inakonzedwa kuti aphunzitsi azigwiritsa ntchito pa phunziro la makhalidwe m'makalasi oyambirira.

Kuti timvetse chifukwa chake zidolezi zimagwira mtima chonchi, tiyenera kubwerera m'mbuyo zaka mazana atatu, ku mzinda wa Osaka. Kumeneko kunakula luso la masewero a zidole lotchedwa bunraku, ndipo sanali masewero a ana ayi. Mu 1684 katswiri wina wolakatula nkhani, Takemoto Gidayu, anatsegula nyumba yake ya zisudzo mumzindawu, ndipo mlembi wotchuka Chikamatsu Monzaemon anamulembera masewero a nkhondo, a ngongole, a chikondi choletsedwa ndi imfa. Akuluakulu ankalira misozi yeniyeni poonera mtengo wosemedwa. Kuyambira cha m'ma 1730, chidole chimodzi chinayamba kuyendetsedwa ndi anthu atatu. Wamkulu amagwira mutu ndi dzanja lamanja. Wachiwiri amagwira dzanja lamanzere. Wachitatu, wowerama pansi, amayendetsa miyendo. Eni ntchitoyi amanena kuti munthu amatha zaka khumi pa miyendo, zaka khumi pa dzanja lamanzere, ndiye pamenepo angayambe kuganiza zogwira mutu. Zidole zambiri zachikazi zilibe n'komwe miyendo. Wophunzirayo amangogwedeza m'mphepete mwa chovala ndi zala zake kuti woonera akhulupirire kuti mayiyo akuyenda. Atatuwo sayankhulana, amangomverana m'kayendedwe ka thupi, pamene pambali pa bwalo wolakatula akunena mawu a anthu onse a m'sewero, mnzake akuimba shamisen, chida cha nsambo zitatu.

Chodabwitsa n'chakuti oyendetsa chidolewo sabisala kuseri kwa nsalu. Amaonekera poyera, othandiza awiriwo atavala zakuda mpaka kumaso, ndipo wamkuluyo kawirikawiri nkhope yake ili pamtunda. Woonera amadziwa kuti pali anthu, koma pakapita mphindi zochepa maso ake amawasiya n'kutsatira chidole. Ndi pangano la pakati pa wosewera ndi woonera. Sindikunena kuti aliyense wopanga mapulogalamu a ana ku Tokyo anaphunzira bunraku. Chimene ndikunena n'chakuti m'dziko limene munthu angathe zaka makumi awiri asanaloledwe kugwira mutu wa chidole, palibe amene amadabwa kuona katswiri weniweni akupereka moyo wake wonse ku chidole cha ana. N'chifukwa chake NHK inatha kuonetsa madzulo a masiku a ntchito, kuyambira 1964 mpaka 1969, sewero la zidole la ana okhala pa chilumba choyandama, Hyokkori Hyotanjima, limene mmodzi mwa olemba ake anali Inoue Hisashi, amene pambuyo pake anadzakhala mmodzi mwa alembi a zisudzo olemekezeka m'dzikolo.

Mawu a Chijapani otanthauza chidole, ningyo, amalembedwa ndi zizindikiro ziwiri: "munthu" ndi "maonekedwe". Pa 3 Malichi chaka chilichonse mabanja amene ali ndi ana aakazi amayala zidole pa chikondwerero cha Hinamatsuri powafunira moyo wabwino. Ndipo chidole chikakalamba, anthu ambiri zimawavuta kuchiponya kudzala. Amapita nacho ku kachisi, monga wa Awashima ku Wakayama, kumene kumachitika mwambo wochithokoza ndi kutsanzikana nacho. Ife a kuno sitifunika kufotokozeredwa zambiri kuti chinthu chopangidwa ndi manja chingathe kunyamula ulemu woposa nsanza ndi mtengo wake. Gule wamkulu ndi bunraku zonse zinalembedwa mu 2008 m'kaundula wa UNESCO wa chikhalidwe cha anthu a padziko lonse. Ziwirizi si zofanana, poti gule ndi mwambo wa mizimu pamene bunraku ndi zisudzo, koma mwana wa ku Dedza ndi mwana wa ku Osaka onse amakula akudziwa kuti si zonse zimene umadziwa za amene ali m'kati zoyenera kunenedwa pabwalo.

Mwa zidole zonsezi, chimene ndimakonda kuwafotokozera alezi ndi Gonta-kun, wa m'pulogalamu ya Dekirukana imene inaulutsidwa kuyambira 1970 mpaka 1990. Dzina la pulogalamuyi ndi funso: "Kodi ndingathe?" Munali bambo wamtali wovala kachipewa, Noppo-san, amene ankapanga zinthu ndi makatoni, mapepala ndi tepi, osayankhula ngakhale liwu limodzi. Mnzake Gonta-kun, chinthu chachikulu chaubweya, nayenso sankayankhula, ankangotulutsa kaphokoso kong'ung'udza. Mawu ankachokera kwa mayi wosaoneka amene ankafotokoza zochitika. Taganizani: zaka pafupifupi makumi awiri, pulogalamu ya maphunziro, otsogolera ake awiri ali duu. Mwana analibe malangizo oti amvere, ndiye ankayang'anitsitsa manja. Gonta-kun ankalakalaka chimene mnzake wapanga, ankachigwira molakwika, nthawi zina n'kuchiphwanya, ndipo Noppo-san ankangoyambiranso. Pa tsiku lomaliza la pulogalamuyi mu 1990, Noppo-san anatsegula pakamwa n'kuyankhula kwa oonera koyamba, ndipo anthu amene anali ana nthawi imeneyo amakumbukirabe tsikulo. Ife aphunzitsi timayankhula kwambiri. Ndikaonera zidutswa za pulogalamu imeneyi ndimakumbukira kuti mwana amaphunzira kudula pepala poona lumo likudula, osati pomva ndemanga za lumo.

Pali zina zimene sindigwirizana nazo, ndipo sindizibisa. Mu 1996 NHK inayambitsa Inai Inai Baa!, pulogalamu ya makanda osapitirira zaka ziwiri, yotchedwa dzina la kasewero kaja kobisa nkhope ndi manja kenako n'kuonekera mwadzidzidzi. Galu wake wamkulu, Wanwan, ndi wokondedwa kwambiri, ndipo kwa zaka zoposa 20 munthu mmodzi, katswiri wa mawu wodziwika ndi dzina lakuti Cho, ndi amene ankalowa m'chovalacho, kuvina ndi kuyankhula nthawi imodzi. Luso lake sindilikayikira. Koma bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linalangiza mu 2019 kuti ana osakwana zaka ziwiri asamakhazikidwe pa kanema, ndipo a zaka ziwiri mpaka zinayi asapitirire ola limodzi patsiku. Khanda limaphunzira kasewero kobisa nkhope kuchokera kwa munthu amene akuliyankha likaseka, amene akudikira likachita mantha. Kanema sadikira. Komanso ngakhale NHK siulutsa malonda, poti imayendetsedwa ndi ndalama zimene mabanja okhala ndi kanema amalipira, zidole zake zimadzaza m'masitolo ngati zoseweretsa, mbale ndi zovala, ndipo kholo limamva kulemera kwake m'thumba. Ngakhale dzina lija lakuti "pamodzi ndi amayi" limaonetsa nthawi imene linabadwa, pamene kulera kunkaonedwa ngati ntchito ya mayi yekha. Mpaka mu 2013 ndi pamene NHK inayambitsa inzake yotchedwa "pamodzi ndi abambo". Komabe liwu lakuti "pamodzi" m'mainawo ndi loona. Mapulogalamuwa anapangidwa kuti wamkulu akhale pambali, aimbe nawo, afunse kuti "Porori akulira chifukwa chiyani?"

Ndikamaliza kufotokoza zonsezi, timabwerera ku sokosi ija. Alezi ndimawapempha zinthu zochepa. Chidole chikhale ndi dzina limodzi ndi khalidwe limodzi losasintha, ndipo khalidwelo likhale ndi chofooka chake: chamantha, chaumbombo, kapena choiwalaiwala kusamba m'manja. Chisamadziwe mayankho, chizifunsa ana. Pamene chikuyankhula, mlezi aziyang'ana chidolecho osati ana, chifukwa maso a ana amapita kumene maso a wamkulu apita. Ndipo phunziro likatha, sokosiyo isavulidwe mwachisawawa n'kuponyedwa pa tebulo ana akuona. Chidole chitsanzike, ana achiyankhe, kenako mlezi achigoneke bwinobwino m'chikwama chake n'kutseka, kuti mawa m'mawa mwana wina adzapemphe kukachidzutsa.