Amand Landry, mlimi wa ku Memramcook amene analowa m'nyumba ya malamulo

Mu 1846 anthu a m'chigawo cha Westmorland ku New Brunswick, dera lomwe lero lili m'dziko la Canada, anasankha mlimi Amand Landry kukhala phungu wawo. Iye anali woyamba mwa anthu a mtundu wa Acadian kukhala m'nyumba ya malamulo ya derali ku Fredericton.

Nkhaniyi ndi yaikulu chifukwa cha komwe anthu akwawo anachokera. Anthu a mtundu wa Acadian ndi zidzukulu za Afalansa, ndipo ndi Akatolika. Kuyambira mu 1755 asilikali a Britain anawachotsa m'minda yawo, kuwakweza m'zombo ndi kuwamwaza kutali, midzi yawo n'kuitentha. Amene anapulumuka kapena kubwerera anapeza minda ya makolo awo ili m'manja mwa ena. Ku New Brunswick Mkatolika analoledwa kuvota mu 1810, koma kukhala phungu anamuloleza mu 1830. Landry, wobadwa mu 1805, anakula khomo limenelo lili chitsekere.

Ulimi wa ku Memramcook, kwawo kwa Landry m'chigawo cha Westmorland, ndi wa m'madambo a m'mbali mwa mtsinje, momwe madzi amchere a nyanja ya Bay of Fundy amasefukira. Alimi ankaunda mizere ikuluikulu yadothi, pansi pake n'kuikapo ngalande yamatabwa yokhala ndi kachitseko. Madzi a m'munda akamatuluka kachitsekoko kankatseguka, nyanja ikadzaza kankadzitsekera kokha. Mzere ukagumuka pamalo amodzi minda ya onse inkaonongeka, choncho ankaukonza mothandizana. Landry anachokera pakati pa anthu oterewa, ndipo mavoti ake m'nyumba ya malamulo ankaonetsa zimenezo.

Ankakana kuti ndalama za boma zithere pa njanji zomwe sankaona phindu lake kwa alimi akwawo. Anakananso zoti New Brunswick ilowe mu chitaganya cha Canada. Pa chisankho cha 1865 anaima limodzi ndi Albert James Smith, mtsogoleri wa otsutsa, ndipo anapambana. Mu 1866 mphepo inatembenuka, ofuna chitaganya anatenga boma, koma Westmorland inamusankhanso Landry. Chitaganyacho chinakhazikitsidwa mu 1867.

Ena amamuona ngati munthu woopa chitukuko. Ine sindivomereza. Anthu amene agogo awo analandidwa zonse ndi boma lakutali anali ndi chifukwa chomveka chokayikira boma lina lakutali, lomwe mawu awo akanachepa kwambiri.

Anapuma ndale mu 1870, ndipo chaka chomwecho mwana wake, Pierre-Amand Landry, anasankhidwa ku Westmorland komweko. Bamboyo anamwalira mu 1877. Mwanayo anadzatsogolera msonkhano woyamba wa mtundu wonse wa Acadian ku Memramcook mu 1881, ndipo mu 1893 anakhala woweruza m'khoti lalikulu la New Brunswick.