Wokonza Vim amayamba waliona vuto ndi maso ake

Vim ndi pulogalamu yolembera pa kompyuta yomwe olemba mapulogalamu ndi oyang'anira maseva amaidalira kwambiri. Anaiyambitsa Bram Moolenaar wa ku Netherlands, ndipo inatuluka koyamba mu 1991. Code yake, kutanthauza malamulo olembedwa omwe amaipanga, ndi yotseguka, aliyense angathe kuiwerenga, kuisintha ndi kutumiza zokonza zake. Bram anaisamalira zaka zoposa 30 mpaka anamwalira mu Ogasiti 2023, ndipo lero ili m'manja mwa anthu odzipereka, mmodzi mwa otsogolera ake ndi Christian Brabandt. Ikavuta palibe ofesi yoimbirako foni. Munthu amalemba lipoti pa GitHub, pomwe pamasungidwa code ya Vim, ndipo amene aliwerenge ndi mlendo wokhala kutali, yemwe kompyuta yanu sadzaiona.

Pagona nkhani ndi pamenepo. Wokonza sangakonze chinthu chimene walephera kuchichititsa pa makina ake. Zili ngati galimoto yomwe imalira panjira koma ikafika kwa makaniko n'kukhala duu. Lipoti longoti "Vim yasiya kugwira ntchito" limangomudyera nthawi, chifukwa ayenera kuyamba kufunsa zomwe wolembayo akanatha kunena pachiyambi.

Choyamba amafuna kudziwa kuti ndi Vim iti. Mukalemba :version mkati mwake, imaonetsa nambala yake, mwachitsanzo 9.1, ndi zigamba, zokonza zing'onozing'ono, zomwe zaikidwamo. Vim imakonzedwa pang'onopang'ono, chigamba chilichonse chili ndi nambala yake, moti vuto lomwe lakusowetsani tulo mwina linatha kale miyezi yapitayo, kungoti yanuyo ndi yakale.

Gawo lomwe ambiri amalidumpha, lomwenso ine ndimaliona kuti ndi lalikulu, ndi kudzifufuza wekha kaye. Pafupifupi aliyense wogwiritsa ntchito Vim ali ndi fayilo yake ya makonda yotchedwa vimrc, komanso ma plugin, timapulogalamu toonjezera pa Vim tolembedwa ndi anthu ena. Nthawi zambiri cholakwika chimakhala mmenemo. Choncho tsegulani Vim polemba vim --clean, kuti iyambe yopanda makonda anu ndi ma plugin onse. Vuto likasowa, nthawi zambiri ndiye kuti Vim ilibe mlandu. Apa musayambe kuchotsa plugin imodziimodzi ngati muli nawo 40. Zimitsani theka, yesani. Likadalipo, lili mu theka lotsalalo, ndipo muligawenso pakati. Mukagawa kasanu kapena kasanu ndi kamodzi mwaigwira. Palinso lamulo lina lomwe ndimalikonda kwambiri: mukalemba :verbose set textwidth? Vim imakuuzani fayilo yomwe inasintha komaliza makonda a textwidth, omwe amaika utali wa mzere. Mlandu umathera pomwepo.

Taganizani za munthu amene watsegula fayilo ya Chichewa, ndipo paliponse pamene panali ŵ akupeza Åµ. Mtima umathamangira kunena kuti pulogalamu yaonongeka. Koma chilembo ŵ mu UTF-8, njira imodzi yosungira zilembo pa kompyuta, chimasungidwa ndi timagawo tiwiri totchedwa ma byte, ndipo fayiloyo ikawerengedwa ngati latin1, yomwe ndi njira ina, byte iliyonse imasanduka chilembo pachokha. Akangolemba :set fileencoding? aona mmene Vim yaiwerengera fayiloyo. Limeneli ndi vuto la makonda, losafunika lipoti.

Likapitirira ngakhale mu vim --clean, tsopano muli ndi kanthu m'manja. Chotsala ndi kulichepetsa. Ngati laoneka mu fayilo ya mizere 5,000, dulani mpaka itsale mizere itatu yomwe ikulionetsabe. Kenako lembani ndondomeko yake monga mungauzire munthu amene sanaionepo kompyuta yanu: ndatsegula chonchi, ndadina mabatani awa motsatizana chonchi, ndimayembekezera ichi, koma chachitika ndi ichi. Uthenga wa vuto womwe Vim yaonetsa, ndi nambala yake yoyamba ndi E, muukopere momwe ulili, osaufotokoza m'mawu anu. Nenaninso ngati muli pa Linux, Windows kapena macOS, ndi terminal (zenera lolemberamo malamulo) yomwe mukugwiritsa ntchito, pakuti mavuto ambiri a mitundu ndi mabatani amachokera ku terminal. Ndipo musanatumize, fufuzani ngati wina sanalinene kale.

Wokonza akalandira lipoti lotere, ntchito imayenda msanga. Ngati chinthucho chinkagwira bwino kale, amagwiritsa ntchito git bisect, yomwe imagawa mbiri ya code pakati monga tinachitira ndi ma plugin aja. Pa zosintha 1,000, kuyesa pafupifupi ka 10 kumakwanira kupeza chomwe chinabweretsa vutolo. Ndondomeko yanu ija nthawi zambiri ndi imene imasanduka mayeso omwe amatsagana ndi chigambacho, kuti vutolo likadzabwereranso ligwidwe lisanafike kwa anthu.

Pali mtundu umodzi wa vuto womwe suyenera kuyamba walengezedwa poyera: lomwe wachinyengo angalowerepo pa kompyuta ya wina. Mu 2019 Armin Razmjou anapeza kuti fayilo ya mawu wamba, yokhala ndi mzere wa makonda wotchedwa modeline wolembedwa mwaukathyali, inkatha kuchititsa Vim ndi Neovim, pulogalamu ina yochokera ku Vim, kuyendetsa malamulo pa kompyuta munthu akangoitsegula. Vutolo linapatsidwa nambala CVE-2019-12735, ndipo Vim inalitseka ndi chigamba 8.1.1365. Mukapeza zoterezi, auzeni okonzawo mwamseri kudzera njira yomwe anaika yonenera za chitetezo, ndipo apatseni nthawi yotulutsa chigamba musanauze wina aliyense.