Mchenga wa mu mjigo si wonyalanyaza

Kuno ku Angónia, mjigo ukayamba kutulutsa madzi amchenga, anthu amati, "Usiyeni, ukhazikika m'ndowa." M'ndowa umakhazikikadi, koma pansi paja wayamba kale kudya mpope. Mchenga wambiri ndi timiyala ta quartz, tolimba kuposa chitsulo wamba. Pa mpope wopopa ndi manja wa mtundu wa Afridev, nthawi iliyonse mukapopa timiyalati timapala raba ndi mkati mwa silinda (kachipaipi ka pansi m'chitsime momwe rabayo imayendamo pokweza madzi), mpaka amayi amachita kutuluka thukuta madzi osakwera. Kumangosintha raba n'kuwononga ndalama za komiti, ndipo zimandiwawa. M'malo mwake, chitsimecho chipemereredwe mpweya ndi kompresa mpaka madzi atayera, silinda isakhale pafupi ndi pansi. Nawonso a zitsime za mafuta amamangirira chosefera mchenga kunsi kwa mpope, mchengawo n'kugwera m'paipi yotseka pansi pake.