Galimoto yopindika ikagunda ndiyo imapulumutsa anthu

M'magalaja a m'tauni ya Kasungu mumamveka dandaulo lakuti galimoto za masiku ano n'zofewa. Akuti ikangogunda pang'ono, kutsogolo konse kwafwanyika, pomwe zakale zinkangochoka penti basi. Ine monga mphunzitsi wa fizikisi ndimaziikira kumbuyo galimoto zopindikazi, ndipo chifukwa chake mukhoza kuchiona pa tebulo la pool.

Mipira ya pool ndi yolimba kwambiri. Ikagundana imafinyika pang'ono zedi, mosaoneka ndi maso, n'kubwerera mmene inalili nthawi yomweyo. Motero mphamvu ya liwiro sitayika, imangosamuka. Mukamenya woyera uja pakati, n'kukagunda unzake maso ndi maso, woyerawo umaima chilili, winawo n'kuthawa ndi pafupifupi liwiro lonse. Malamulo a kugundana kwa zinthu anawalongosola John Wallis, Christopher Wren ndi Christiaan Huygens m'zaka za 1668 ndi 1669, Isaac Newton asanatulutse malamulo ake a kayendedwe ka zinthu mu 1687.

Pamasewera zimenezi n'zokoma. Koma galimoto ikanakhala yotero, bwenzi ikagunda mtengo ikunjanja kubwerera m'mbuyo, ndipo chinthu chonjanja chimamva nkhonya yaikulu kuposa chongoima, chifukwa chimaimitsidwa kaye kenako n'kukankhidwanso chobwerera. Wolandira nkhonya yonseyo ndi munthu amene wakhala mkatimo.

Kukula kwa mphamvuyi ambiri sakudziwa. Kugunda chipupa pa liwiro la makilomita 50 pa ola n'chimodzimodzi kugwa kuchokera pamwamba pa mamita pafupifupi 10. Liwiro likawirikiza kawiri, mphamvu imawirikiza kanayi: pa 100, liwiro limene madalaivala ambiri amaliona ngati wamba pa M1 popita ku Lilongwe, ndiye kuti mwagwa kuchokera pa mamita pafupifupi 40. Mphamvu yonseyi iyenera kupita kwinakwake. Chitsulo chikamapindika chimaimeza, n'kuisandutsa kutentha ndi phokoso, komanso chimatalikitsa mtunda woimira. Thupi loima pa mtunda wa masentimita 50 limamva kukankha kochepa kakhumi poyerekeza ndi loima pa masentimita 5. Apa m'pamene pagona kusiyana kwa wotuluka akuyenda yekha ndi wonyamulidwa.

Nzeruyi anaikhazikitsa ndi injiniya Béla Barényi wa ku Mercedes-Benz: kutsogolo ndi kumbuyo kuzipindika, koma chipinda chokhala anthu chikhale cholimba. Galimoto yopangidwa motero inatuluka mu 1959, chaka chomwe Volvo inayamba kuika lamba wodutsa pachifuwa ndi m'chiuno, wopangidwa ndi Nils Bohlin. Ziwirizi zimayendera limodzi. Popanda lamba, galimoto imaima koma inu mumapitirira ndi liwiro lomwe lija mpaka mutakumana ndi galasi, ndipo kupindika konse kuja sikukuthandizani kanthu.

Amene amandidetsa nkhawa kwambiri ndi achimwene athu a kabaza wa njinga yamoto, chifukwa iwo alibe chitsulo chowapindikira. Chomwe ali nacho ndi chipewa chokha. Mukachitembenuza chipewa chenicheni n'kukweza kansalu ka mkati, mupeza chinthu choyera, chopepuka, chochindikala ngati zala ziwiri. Chimenechi ndicho chimaphwanyika m'malo mwa mutu. Chikafinyika sichibwereranso, choncho chipewa chomwe chinagwapo ndi munthu pangozi n'chofunika kusintha ngakhale kunja chikuwala. Zipewa za omanga nyumba zimene ena amavala pa njinga sizinapangidwire ntchito imeneyi: zimateteza ku njerwa yogwa kuchokera pamwamba, osati mutu womenyetseka pa tala. Ndipo chipewa chosamanga lamba wa pachibwano chimavuka munthu akadali m'malere, mutu n'kukafika pansi uli pamtunda.