Chimene chimatikoka m'nyimbo zozizira za mawu a akazi

Mu kombi ya ku Mufakose, ku Harare, simungamve nyimbo zozizira za mtundu wa trip hop. M'menemo mumalamula sungura ndi Zimdancehall, nyimbo zovina za ku Zimbabwe, zoti mwendo ugwedezeke ngakhale mwapanikizana. Koma achinyamata amene amabwera kudzajambula ku situdiyo masiku ano ambiri akupempha zina: ng'oma yoyenda pang'onopang'ono, bezi yakuya, ndi mtsikana woimba ngati akukunong'oneza kukhutu. Zimenezi amamvera usiku, magetsi atazima, mahedifoni ali m'makutu.

Mayimbidwe amenewa anakhwimira ku Bristol, ku England, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, ndipo atolankhani anawatcha trip hop. Gulu la Massive Attack linatulutsa chimbale chake choyamba mu 1991, kenako mu 1994 kunabwera gulu la Portishead ndi mawu a Beth Gibbons, ooneka ngati atsala pang'ono kusweka koma osasweka.

Chinsinsi chake chagona pa malo. Nyimbo zotere nthawi zambiri zimagunda kuyambira ka 70 mpaka 100 pa mphindi, pafupi ndi mtima wa munthu amene wakhala pansi, ndiye thupi silikakamizidwa kudzuka. Bezi imakhala pansi kwambiri, cha ku 100 Hz kutsika (Hz ndi muyeso wa kukwera kapena kutsika kwa liwu). Mawu a mkazi, ngakhale polankhula chabe, amayambira cha ku 165 Hz kukwera, pamene a mwamuna amatsikira kufika cha ku 85 Hz n'kumalimbirana malo ndi bezi. Choncho mkazi akamaimba, pansi pamakhala bezi, pamwamba iye, pakati mpata, ndipo khutu limamupeza msanga.

Kenako ndi maikolofoni. Woimbayo timamuimitsa pafupi kwambiri, mlomo utatsala pang'ono kugunda kansalu kotchinga mpweya. Pamenepo mawu amanenepa, ndipo compressor, chipangizo chochepetsa kusiyana kwa mawu aakulu ndi aang'ono, imakweza tinthu tomwe khutu silimva tili patali: kupuma asanayambe mzere, milomo ikamatsekuka, liwu likanjenjemera kumapeto. Ubongo umazolowera kuti munthu amene ukumumva akupuma ali pafupi nawe, ndiye umayamba kumva ngati nyimboyo akukuimbira iwe wekha. Ndicho chifukwa chake Billie Eilish, woimba wa ku America amene anajambula chimbale chake cha 2019 m'chipinda chogona cha mchimwene wake ku Los Angeles, amamveka chonchi padziko lonse.

Pano pa Harare makutu athu si achilendo ku zimenezi. Mbira imabwereza kanyimbo kamodzi kosalekeza, ndipo zitsekero za mabotolo zomwe amakhomera pa deze, chikho chokuzira mawu a mbira, zimachita "zzz" dala, kudetsa mawu kuti akome. A Portishead nawonso ankadinda zomwe ajambula pa mbale ya vinyl n'kuikanda mwadala kuti imveke yotha. Malemu Chiwoniso Maraire, woimba wa ku Zimbabwe amene anatisiya mu 2013, ankadziwa bwino kuyika liwu lofewa pamwamba pa mbira popanda kukuwa.

Chimene chimandiwawa ndi anyamata ena opanga nyimbo amene amathira reverb (kubwebweta kwa mawu) yambiri mpaka woimbayo amamveka ngati ali m'chitsime, Auto-Tune, pulogalamu yowongola mawu a woimba, n'kufufuta kunjenjemera konse kuja. Apo mwachotsa chomwe munthu anadzera. Ndipo inu omvera, musaweruze nyimbo zotere pa sipika ya foni: sipika yaing'ono sitha kutulutsa bezi yakuya, ndiye mumangomva theka la nyimbo. Bwerekani mahedifoni abwino kaye.