Musanatsuke njinga yamoto, idikireni izizire

Mnyamata wina yemwe wangoyamba kumene kabaza anafika kugalaja kwathu akukankha Lifan yake yoti sinathe ndi miyezi iwiri yomwe. Inali mbee ngati yangotuluka m'sitolo, koma yosalira. Anali atailowetsa mumtsinje mpaka theka la matayala, n'kuikhuthulira ndowa pa ndowa injini ikadali yamoto. Madzi tinawapeza m'kapu ya pulagi, mu air filter (sefa ya mpweya wolowa mu injini) ndi m'mabuleki akumbuyo. Zinandimvetsa chisoni, chifukwa iyeyo ankaona ngati akuisamalira.

Kutsuka n'kofunika, musandimve molakwa. Injini za njinga zambiri za kabaza, kaya Lifan kaya Boxer, zimazizira ndi mphepo yodutsa m'timizere tachitsulo tozungulira injini tija. Matope a m'dzinja akaumira m'timipata timeneti, injini imatentha mopitirira ndipo oyilo amatha mphamvu msanga. Koma chitsulo chotentha chikathiridwa madzi ozizira mwadzidzidzi chikhoza kupindika kapena kung'aluka. Kuona maso a nkhono n'kudekha: imikani njinga pamthunzi, pa sitandi yapakati, kwa mphindi 30 kapena kuposerapo, mpaka muthe kugwira injini ndi dzanja osapsa.

Ikazizira, mangani kajumbo kukamwa kwa ekizozi, kena phimbani nako poika kiyi. Yambani ndi madzi okha kuti fumbi litsike. Mukafulumira kupukuta, mchenga umakanda penti ya thanki, ndipo zikandazo zimavuta kuchotsa. Sopo waufa wochapira zovala musiyeni kunyumba, amafwifwitsa penti ndi kudetsa aluminiyamu. Sopo wamadzi wotsukira galimoto pang'ono m'ndowa ndi wokwanira. Khalani ndi nsanza ziwiri, ina yakumtunda, ina ya matayala ndi kunsi kwa injini, ndipo zisasinthane.

Ku car wash ndiko ndimawauza anyamata kuti asamachoke pafupi ndi njinga yawo. Madzi a makina aja amathamanga kwambiri moti akalunjikitsidwa pakati pa gudumu, amalowa mu bearing (timipira tachitsulo tothandiza gudumu kuzungulira) n'kukankha girizi. Simudzaziona tsiku lomwelo. Pakapita masabata angapo gudumu limayamba kulira ndi kugwedera. Auzeni otsukawo asaloze madziwo pa bearing, pa kabuleta, pa batire ndi pamawaya.

Tsopano tcheni, chifukwa apa m'pamene ndalama za anthu ambiri zimathera. Fumbi likasakanikirana ndi oyilo limasanduka phala lomwe limapera tcheni ndi mano a sipuloketi (kagudumu kamene tcheni chimakolapo) pang'onopang'ono. Tsukani ndi palafini ndi mswachi wakale, mukuzunguza gudumu ndi dzanja. Ndi dzanja, ndikubwereza, injini ili yozima. Tcheni choyendetsedwa ndi injini chimakoka nsanza pamodzi ndi zala, ndipo chala chikalowa pa sipuloketi sichituluka chathunthu. Petulo ayi: ndi woopsa pamoto, komanso amawononga timalabala ta m'tcheni zina. Chikauma, donthezani oyilo wa giya, monga SAE 90, mkati mwa tcheni, kenako pukutani wotsalira. Oyilo wakuda wochoka mu injini, yemwe ambiri amamukonda poti ndi waulere, amakhala ndi tizidutswa tachitsulo. Muli pomwepo, kankhani tcheni ndi chala pakatikati: pa njinga zambiri zazing'onozi chimayenera kusewera masentimita 2 mpaka 3.

Oyilo kapena polishi asakhudze matayala, mabuleki ngakhale mpando. Mpando woterera umagwetsa kasitomala pa hampu.

Mukamaliza, chotsani majumbo aja, pukutani kapu ya pulagi, ndipo lizani injini kwa mphindi zingapo kuti chinyontho chiume. Musananyamule munthu, yendani pang'onopang'ono pamalo opanda magalimoto mukuponda ndi kufinya mabuleki kangapo. Mabuleki a dilamu akanyowa sagwira bwino poyamba, ndipo ndimakonda kuti muzizindikire muli nokha pabwalo, osati pamphambano muli ndi mayi wobereka mwana kumbuyo kwanu.