CHENJEZO KWA ALIMI M'BOMA LA KASUNGU: FUMBI NDI CHUKU ZIKUWONONGA MAPAPO

Kuyambira mwezi wa Meyi, pamene anthu ali kalikiliki kusankha fodya wopita kumsika wa Chinkhoma, kutonola chimanga ndi kusenda mtedza, ife azaumoyo timalandira odwala ambiri onena mawu amodzimodzi: "Malungo andibwereranso." Tikayeza magazi, malungo osapezeka. Tikafunsa kumene anaswera dzulo, yankho ndi m'chigafa, m'nkhokwe kapena kuchigayo.

Chimachitika ndi ichi. Chimanga, mtedza, fodya kapena udzu zikasungidwa zisanaumitsitse zimachita chuku. Chukucho chimatulutsa tinjere tosaoneka ndi maso, timene timauluka mukamapuntha, kupeta kapena kusesa. Fumbi la zitosi zouma za nkhunda ndi nkhuku nalonso ndi chimodzimodzi. Tinjereti timafika mkatikati mwa mapapo, thupi n'kuyamba kulimbana nato, mapapo n'kutupa.

Chimene chimapusitsa anthu n'chakuti matendawa sayamba pomwepo. Mumaweruka bwinobwino, kusamba, kudya nsima. Patapita maola 4 mpaka 8 ndiye thupi kutentha, kuzizidwa, kuphwanya m'thupi, chifuwa chouma ndi kubanika. Mukagona tsiku limodzi kapena awiri osapita kufumbi kuja mumapeza bwino, n'kumati mapilitsi a pagolosale aja agwira ntchito. Ayi, bambo. Mwapeza bwino chifukwa munatalikirana ndi fumbi. Mukabwereranso pa jeke yodindira fodya, zibwereranso.

Apa ndi pamene pali nkhawa yathu. Kudwala kotere kukamabwerezabwereza kumatha kusiya zipsera m'mapapo, ndipo chipsera cha m'mapapo sichichoka ndi mankhwala alionse. Munthu amene ankapalasa njinga kuchokera ku Chamama mpaka pa boma amayamba kupumira panjira yopita kuchitsime. Akuonda, achibale n'kumati amulodza anzake a nsanje chifukwa fodya anamuyendera bwino. Miyezi n'kumatha akuzungulira kwa asing'anga. Akamafika kwa ife, zimene tikanateteza zawonongeka kale.

Za mkaka nazo tinene, poti ena amati kumwa mkaka kumatsuka fumbi m'mapapo. Mkaka ndi chakudya chabwino, koma umapita m'mimba, fumbi lili m'mapapo. Sutsuka kalikonse.

Bwerani kuchipatala ngati thupi limatentha kapena mumabanika mukagwira ntchito ya fumbi, ngakhale zitasiya zokha. Muwauze adokotala ntchito imene munagwira ndi nthawi imene zinayamba. Popanda mawu amenewo n'kovuta kuti aganizire za matendawa. Mukatsokomola masabata 2, kayezetseni makhololo, chifukwa chifuwa chachikulu (TB) chimafanana ndi matendawa ndipo kuyeza kwake ndi kwaulere m'zipatala za boma. Amene munadwalapo TB, muli ndi mphumu kapena HIV, musadikire n'komwe. Wotsokomola magazi, wobanika ali chikhalire kapena wolephera kumaliza mawu chifukwa cha phuma, apite lero lomwe, usiku ndi usiku womwe.

Popewa, umitsani mbewu mokwanira musanaike m'matumba, ndipo lekani kuwaza madzi pa mtedza kuti usendeke msanga, chifukwa ndiko kuitana chuku. Punthani ndi kupeta panja, mphepo ikuchokera kumsana kwanu. Musanasese m'khola kapena m'nkhokwe, wazani madzi pansi. Valani masiki yothina bwino ya mtundu wa N95. Kansalu kapena mpango zimatchinga mankhusu okha, tinjere ta chuku timadutsa. Musagone m'chipinda chimene mwaunjikamo fodya kapena matumba, ngakhale tikudziwa kuti mumaopa akuba. Ndipo amayi, mwana wa kumsana asakhalepo popeta; fumbi limene likuchoka m'lichero likupita kumphuno kwake.

Ngati zakugwirani kawiri pa ntchito imodzimodzi, musayesenso kachitatu kuti muone. Kaonaneni ndi mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu kapena chipatala chimene muli nacho pafupi sabata yomwe ino, musanalowenso m'chigafa.